Timapilisi ta Achemwali

Achemwali sanali dokotala, sanali namwino, ndipo sukulu ya zamankhwala sanaipondeko ngakhale pakhonde. Anayamba ndi kusesa m'famase ya pamphambano, kenaka kupukuta mashelefu, kenaka kusanja makatoni, mpaka tsiku lina mwini famase anawaveka chovala choyera n'kuwaimika pakauntala. Pa nthawi ya nkhani ino n'kuti atakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndiye inu mukuwadziwa anthu: akangoona chovala choyera, basi, amayamba kukuululira ndi za m'mimba zomwe. Msewu wonse unkawaitana kuti Achemwali, ndi nkhalamba zopanda mano zomwe, ndipo iwo ankavomera mosanyinyirika.

Koma mwini dzinalo weniweni anali mmodzi, mng'ono wawo, telala wa madiresi aukwati amene ankasokera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake. Achemwali ndi amene anamulera makolo awo atamwalira, ndipo ngakhale telalayo anali atakwatiwa kalekale, kwa iwo anali akadali kamwana kofunika kukapukuta mamina.

Matenda a telalayu anali atatha zaka ziwiri. Ankayamba ndi zilonda m'kamwa. Kenaka mawondo kutupa, zala kuuma mpaka sizasi kumukanika, thupi kutentha, diso kufiira ngati alithira tsabola. Ankakhala milungu iwiri kapena itatu n'kuchoka osatsanzika, munthu n'kumati mwina apita, osadziwa kuti angotuluka panja kukawongola miyendo. Zipatala zinayi anazizungulira. Magazi anamupopa mpaka mitsempha inayamba kubisala. Malungo mulibe. Kachilombo mulibe. Shuga ali bwinobwino. Dokotala wina wachinyamata anachita kumuuza kuti, "Mayi, inu simukudwala, mumangoganiza kwambiri." Apongozi ake atamva zimenezo anati iwo ankadziwa kale, ndi ulesi chabe. Mwamuna wake, dalaivala wa lole, sananene kanthu, koma kukhala chete kwake kunkapweteka kuposa pakamwa pa apongozi. Uku akukangana choncho, diso lamanzere linkatsekeka pang'onopang'ono, mpaka linangotsala lodziwa kuti kunja kwacha.

Tsopano imvani zimene Achemwali ankachita, poti nkhani yagona pamenepa.

Kuchipatala chachikulu tsiku amakupatsiratu kukadali mwezi wathunthu, ndipo ukaliphonya umakayambiranso kumchira. Kulinso masitepe, kuli mzere woyamba m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, kuli benchi youma ngati mwala. Ulendo woyamba, kutatsala masiku anayi, telala ankalephera ngakhale kutsika pabedi. Achemwali anakumbukira timapilisi tina toyera, ting'onoting'ono, timene odwala mphumu ndi nyamakazi amagula ndi pepala la dokotala. Anali ataona ndi maso awo munthu wobwera chokwawa akubweranso patapita masiku awiri akuyenda ngati msilikali. Anatenga kapaketi popanda pepala, n'kumamupatsa mng'ono wawo tisanu ndi kamodzi m'mawa uliwonse. "Imwa, a ululu awa." Tsiku lachinayi telala anadzuka yekha, kusamba yekha, diso lili mbee, akuseka.

Kuyambira pamenepo linakhala lamulo. Tsiku la kuchipatala likayandikira, timapilisi. Diresi la mkwatibwi likachedwa, timapilisi. Achemwali ankamusitira yekha zovala, kumupesa, kumudzoza mafuta kumaso, uku akuti, "Sitipita pagulu ngati anthu osowa abale." Madokotala akafunsa ngati pali mankhwala amene akumwa, telala ankayankha ndi mtima woyera kuti a ululu basi, Achemwali n'kumayang'ana pawindo, poti kutulutsa mankhwala amenewo popanda pepala ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Mumtima ankati, mankhwala oti akuthandiza munthu angaononge chiyani?

Ulendo wachisanu ndi chiwiri anawatumiza kwa dokotala wina, mayi wa imvi, wa magalasi olendewera pachingwe. Ameneyu pamzere ankamudandaula kuti ndi wochedwa, wodwala mmodzi amakhala naye ngati akufunsira mbeta. Anawerenga mabuku onse a kuchipatala a telala, tsamba ndi tsamba, anamuunika m'maso ndi makina nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Dzina la matenda anu sindikulidziwa. Koma kudwala mukudwala ndithu."

Telala anayamba kulira pomwepo. Zaka ziwiri palibe wa chovala choyera anali atamuuzapo mawu amenewo, kupatula Achemwali.

"Zinthu zilipo ziwiri," adokotala anapitiriza. "Mwina asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka mutu, akumenya eni nyumba: mawondo, m'kamwa, maso. Ngati ndi choncho, tili ndi mankhwala amphamvu owagoneka asilikaliwo. Amatsitsa chitetezo cha m'thupi."

"Kutsitsa?" telala anadzidzimuka, misozi ikadali m'masaya. "Adokotala, anthu onse akulimbana n'kukweza chitetezo, ine munditsitsenso?"

"Zikumveka ngati misala, ndikudziwa. Koma chinthu chachiwiri ndi chimene chikundiopsa. Kachilombo ka TB kamatha kubisala m'thupi osamutsokomoletsa munthu, n'kumadya diso mwakachetechete. Ngati ndi kameneko, ine n'kugoneka asilikali, ndiye kuti ndatsekulira mbala chitseko. Tikhoza kukutayani m'miyezi yochepa. Komanso ndikangokhala osachita kanthu, diso lamanjali lilondola linzake, chifukwa kumbuyo kwake ndaona kale zipsera. Khoswe wakhala pamkhate, mayi."

Adokotala anagogoda ndi chala pepala limodzi.

"Chondilimbitsa mtima ndi ichi. Mwezi watha anakuyezani TB, ya pakhungu ndi ya m'magazi, zonse zatuluka zoyera. Ndiye ine ndikutsamira koti tiyambe mankhwala amphamvuwo sabata ino. Chondizunguza mutu n'chimodzi. Mukundiuza za kutupa, za zilonda, koma m'mabuku onsewa mulibe dokotala ndi mmodzi yemwe amene anaziona ndi maso ake. Tsiku lililonse mukabwera kuno, matenda amakhala atathawa. Simunamwepo puredinisoloni, mapilisi aja a mphumu ndi nyamakazi? Ameneyo amabisa zonse. Ngakhale zoyeza TB zimatuluka zoyera munthu ali nayo."

"Ayi, dzina limenelo n'kumva kwa inu," anatero telala. "Ine ndimamwa a ululu basi. Amandipatsa ndi achemwali angawa, amagwira ntchito kufamase."

Adokotala anatembenukira kwa Achemwali. "Aja wamba, a mutu?"

"Eya," anatero Achemwali. "Wamba."

Bodza lake linatuluka lokha, losalala, lisanapemphe n'chilolezo chomwe. Adokotala anagwedeza mutu, nati atuluke kaye akakambirane, iwo aone odwala awiri, kenaka awaitananso amve maganizo awo.

Anakakhala pabenchi ya m'khonde. Anthu ankadutsa, wina akukankha njinga ya odwala, wina akukolopa, koma Achemwali sankaona chilichonse. M'makutu munkangolira mawu amodzi: amabisa zonse. Anayamba kuwerenga maulendo. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, diso lamanzere linkaonabe nthawi imeneyo. Ulendo uliwonse iwo ndi amene ankasesa matenda, kuwabisa pansi pa bedi, n'kubweretsa kwa madokotala munthu wosalala ngati wopita kuukwati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mkuyuwo ankaupukuta ndi iwo, ndi manja awo, monyadira.

Telala anawagwira dzanja. "Achemwali, ine mutu waima. Inu ndi amene mumadziwa mankhwala. Mukati ndimwe, ndimwa. Mukati ayi, sindimwa."

Abale inu, pali mawu ena olasa kuposa kutukwanidwa. Achemwali anangoti akupita kuchimbudzi. Kumeneko anatsekula mpopi, kusamba kumaso kawiri, n'kuima atagwira sinki. Akakhala chete, ntchito ikhalapo, ulemu ukhalapo, mng'ono wawo apitiriza kuwayang'ana ngati mayi ake. Koma adokotala ayamba mankhwala oopsa aja atatsamira pepala labodza, ndipo ngati kachilombo kaja kalimo, mwana amene anamubereka kumsana amuika m'manda ndi dzanja lawo. Akalankhula, ndiye kuti avomera pamaso pake kuti diso lija analitseka ndani. Anachita mantha, mantha enieni. Anaganizanso zokawanong'oneza adokotala paokha, koma anadziwa kuti kumeneko ndi kubisanso komwe kuja, kungosintha malaya.

Atawaitananso, sanadikire kukhala pansi.

"Adokotala, ndinanama. Si a mutu. Ndi omwe munatchula aja. Ndakhala ndikumupatsa masiku anayi tisanabwere kuchipatala, ulendo uliwonse, zaka ziwiri. Mwezi watha pomuyeza TB anali atamwa. Lero linonso wamwa." Anatsegula chikwama n'kuika kapaketi patebulo. "Iye sankadziwa. Ndinkafuna azitha kukwera masitepe."

Adokotala sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga kapaketiko, kukatembenuza, n'kupumira m'mwamba. Kenaka anatenga pepala la zotsatira lija n'kulilemba mzere kuchokera pakona kufika pakona.

"Ndiye kuti tilibe chilichonse m'manja," anatero. "Mwachita bwino kunena, mayi, koma mwachedwa nazo."

Anafotokoza kuti timapilisito sangatisiye kamodzin'kamodzi, poti thupi linatizolowera. Atichepetsa pang'onopang'ono kwa milungu itatu, kenaka adikire matenda abwere ndi ukali wawo wonse. Akabwera, asawaphimbe ndi kalikonse, athamange nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kuti awaone ndi maso, atenge madzi a m'bondo ndi a m'diso, ayezenso TB. Kudiso apereka mankhwala odontheza okha.

"Nanga disoli lidikira?" telala anafunsa. Mawu ake anali ouma, osanjenjemera.

"Sindingakulonjezeni."

"Lamanzereli, mukanawaona matendawa chaka chatha, likanapola?"

Adokotala anayang'ana Achemwali, kenaka telala. "Mwina. Ambiri timawapulumutsa tikawapeza msanga."

Potsika masitepe Achemwali anatambasula dzanja kuti amugwire. Telala analichotsa, osati mwaukali, anangolichotsa ngati akuchotsa ulusi pansalu, n'kugwira chitsulo cha m'mbali. M'minibasi anakhala mipando yosiyana.

Milungu isanu inadutsa osalankhulana. Achemwali ankaimba foni, wolandira n'kukhala mlamu wawo, dalaivala uja. "Ali bwino, alamu. Akupuma." Kufamase anapempha kuti abwerere kosanja makatoni, nati maso awavuta powerenga mapepala a madokotala. Mwini famase anadabwa koma anavomera. Anthu ankasuzumira pakauntala n'kufunsa kuti Achemwali ali kuti, iwo ali kuseri akumva, osatuluka.

Lachiwiri lina m'mawa, akungotsegula zitseko, foni inalira. "Alamu, bwerani. Zayamba."

Anamupeza ali chigonere m'kachipinda kosokera, pamatiresi amene anamuyalira pansi poti bedi linamutalikira. Makina anali ovindikira ndi nsalu. Mawondo anali ngati maungu, milomo yosweka, diso lamanja lili psuu, likutuluka misozi lokha. Achemwali anali atawaonapo matendawa kambirimbiri, koma nthawi zonse ankawaona ali ndi chowathamangitsira m'chikwama. Lero anangoima chilili, manja lende.

Telala anatembenuza mutu kutsata phokoso la nsapato. "Achemwali?"

"Ndine."

"Ndipatseniko tija."

"Ayi, mwana wa amayi."

"Tiwiri tokha. Sindikuona bwino, achemwali. Windo ndikuliona ngati lili m'madzi. Likupita disoli, ndikulimva. Tiwiri tokha, adokotala sadziwa."

Mlamu wawo anali pakhomo, makiyi a galimoto yobwereka ali m'manja. "Alamu, ngati muli nato mupatseni. Usanathe n'komwe ulendo wa kuchipatala munthu akomoka uyu. Kamodzi kokha kalakwika chiyani?"

"Ndilibe. Ndipo ndikanakhala nato sindikanamupatsa."

"Ha!" Telala anaseka, kuseka kowawa, magazi akuoneka pamlomo. "Zaka ziwiri munkandimwetsa osandifunsa. Lero ndikupempha ndi pakamwa panga, mukundimana. Inu ndinu munthu wotani?"

Achemwali misozi inkangowatsika. Anagwada, nalowetsa mikono pansi pa mapewa ake, nauza mlamu wawo kuti agwire miyendo. Dalaivala anafunsa ngati asamusambitse kaye, kapena kumusintha diresi, poti limene anavalalo linali la dzana, lonunkha thukuta.

"Ayi, alamu. Apite momwemu. Akamuone mmene alili."

Pachipatala anthu pamzere anapatuka okha. Adokotala a imvi aja atatuluka n'kumuona panjinga ya odwala, anavala magalasi, nawerama, nagwira bondo, natsegula pakamwa, naunika diso. "Eya," anatero motsitsa. "Tsopano ndawaona." Anamugoneka tsiku lomwelo.

Zotsatira zinatenga masiku asanu ndi anayi. Masiku onsewo Achemwali ankabwera nthawi yoona odwala, kupereka chakudya ndi zovala zochapa kwa mlamu wawo, n'kukhala pabenchi ya panja pa wodi mpaka belu lotulutsa anthu. Telala anali atanena kuti asalowe, ndipo iwo sanakakamire.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mlamu wawo anatuluka m'wodi atanyamula nkhope yolemera, nakhala pambali pawo.

"Adokotala abwera. Akuti kachilombo sanakapeze, m'bondo, m'diso, m'magazi, monse. Akuti ndi thupi lomwe likudzimenya. Koma akuti kusakapeza si kunena kuti kulibiretu. Pa anthu khumi otere, mmodzi amakhala nako ndithu kobisala." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Akuti diso latsala pang'ono. Ngati tiyamba, tiyambe lero. Asiya pepala loti asaine yekha, atamva zonse zolembedwamo."

"Ndiye wasaina?"

"Sangawerenge, alamu. Zilembo sakuziona. Ndinayamba kumuwerengera ine, koma muli zinthu zina m'menemo, munthu sungamuuze mkazi wako ali pabedi. Ndinkadumphako. Wandigwira. Akuti mawu anga amasintha ndikadumpha." Anayang'ana pansi. "Akuti mulowe ndinu."

Achemwali anaimirira n'kulowa. Wodiyo inali ya mabedi khumi ndi awiri, ndipo telala anali pa lakumapeto, pafupi ndi windo, atatsamira mapilo, diso lamanja litaphimbidwa theka ndi chikope chotupa. Pepala linali pamiyendo pake, masamba awiri. Sanapereke moni.

"Khalani apa," anatero. "Muwerenge zonse. Mzere uliwonse. Mukadumpha ngakhale liwu limodzi poti mukundimvera chisoni, ine ndi inu tathana mpaka kumanda."

Achemwali anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba. Anawerenga dzina la mankhwala, nalibwereza poti linali lalitali. Anawerenga kuti adzalowa kudzera m'diripi, kamodzi pamwezi. Anawerenga za nseru, za kuthothoka tsitsi, za kuyezetsa magazi pafupipafupi, za kupewa anthu otsokomola ndi malo odzaza anthu. Anawerenga kuti mwina sadzaberekanso. Apa telala, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, anafinya chofunda, koma anati, "Pitirizani." Anawerenga kuti palibe chitsimikizo choti diso lipulumuka. Kenaka anafika pamzere wa m'munsi mwa tsamba lachiwiri, maso awo anauona pakamwa pasanafike, ndipo anaima.

"Mwaima," anatero telala.

"Sindinadumphe. Ndikupuma."

"Werengani."

"Ngati m'thupi muli matenda obisika monga TB, mankhwalawa akhoza kuwadzutsa ndi kuwafalitsa, ndipo zimenezi zikhoza kubweretsa imfa."

Mayi wa pabedi loyandikana nalo anasiya kutafuna. Telala anatembenuzira nkhope kuwindo. Achemwali anamva mawu akukwera pakhosi, aja anazolowera zaka zonsezi, oti usaope, imwa, ine ndikudziwa. Anawameza.

"Mwatha?"

"Ndatha. Palibenso china."

"Inu mukuti bwanji?"

"Sindikudziwa, mng'ono wanga. Ine za mankhwala sindidziwa."

Telala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapapasa pachofunda mpaka anapeza cholembera.

"Ndiikeni chala pamene pali mzere," anatero. "Chala chokha. Dzanja musaligwire, ndisaina ndekha."